William Mackinnon, Mwini Zombo

Tikamva mbiri ya anthu achuma, tiyesa kuti ntchito yawo yaikulu ndiyo idzakhalitsa. Moyo wa William Mackinnon utiphunzitsa zina.

Munthuyu adabadwira ku Campbeltown, m'dziko la Scotland, chaka cha 1823, nayamba ntchito m'sitolo akali mnyamata. Mu 1847 adamuka ku India kukachita malonda, ndipo mu 1856 adayambitsa kampani ya zombo, imene idatchedwa British India mu 1862. Zombozo zidafika kufikira ku Zanzibar.

Atalemera, adakhumbanso kulamulira maiko a eni ake. Kampani yake ina, Imperial British East Africa, idalandira chilolezo cha Mfumukazi mu 1888, koma chuma chake chidathera m'maulendo ndi m'nkhondo ya ku Uganda. Mwini wake adamwalira mu 1893, ndipo mu 1895 boma la Britain lidatenga maiko amene kampaniyo idatsala nawo.

Koma mu 1891 adathandiza kutuma Dr James Stewart, yemwe uja adatsogolerapo Livingstonia kwathu kuno, akayambe mishoni ku Kibwezi. Mishoniyo idasamukira ku Kikuyu, ndipo mpingo wa Presbyterian wa ku Kenya udaphuka pamenepo. Mtengo waukulu udagwa, kambewu kaja ndiko kadamera. Nanga ife, abale, tifesa chiyani?