Pa mulu wa kaunjika ndi m'thiranki la azakhali: ulendo wa ku Mchinji

Mwezi wa Juni ku Mchinji ndi mwezi wa ndalama ndi chisanu. Mtedza wakumbidwa, soya wamenyedwa, mavenda atchera masikelo m'mbali mwa msewu wa M12, ndipo mlimi akangolandira zake amayamba wakumbuka juzi la mwana. N'chifukwa chake mabelo a kaunjika amatsegulidwa ambiri nyengo imeneyi. Mlamu wanga, amene amaphunzitsa mu Lilongwe koma kwawo ndi kuno, amaidikira nyengoyi chaka chonse. Iye safuna zofunda. Amafuna zovala zakale zimene ena onse amazikankhira pambali: bulauzi yopetedwa pamanja, diresi la zipi yachitsulo, lamba wachikopa wothethekatetheka, kachikwama ka mikanda.

Tinatsika minibasi pa Kamwendo, pamene msewu wa ku Kasungu umapatukira. Belo linali litangodulidwa zingwe. Oyamba kusankha ndi aja ogula kuti akagulitsenso, ndipo zimene atola amakazipachika pa mahang'ala, mtengo n'kukwera. Zotsala zimakhuthulidwa pa pulasitiki wakuda, mnyamata n'kuimirira pambali kumakuwa mtengo mpaka mawu kusasa. Apa ndi pamene mlamu wanga anagwada.

Kasankhidwe kake n'kosiyana ndi ka ife tonse. Chovala chilichonse amayamba wachitembenuza kuti aone kunsi. Anatulutsa bulauzi yoyera imene inayamba kuchita chikasu m'khwapa, kolala yake ili ndi timaluwa tabuluu, nandionetsa kuseri kwa kolalayo.

"Taonani, alamu. Mashini sasiya mfundo chonchi. Kunsi kwake kumakhala kosalala, ulusi wapansi umodzimodzi kuyambira uku mpaka uko. Apa munthu ankatopa, n'kusiya, mawa n'kuyambiranso. Duwa ili ndi ili sakufanana."

Mwini mulu anatiyang'ana momvera chisoni. "Amayi, imeneyo ndi ya agogo. Tengani iyi yafasho." Anatichotsera mtengo tisanapemphe n'komwe.

Zovalazi zayenda ulendo wautali. Wina ku Britain kapena ku Canada anakhuthula kabati ya mayi ake atamwalira, nakazipereka ku mabungwe achifundo. Kumeneko zinasankhidwa, n'kupanidwa m'mabelo a makilogalamu 45, n'kukwera sitima yapamadzi mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Masiku ano mabelo ambiri akuchokeranso ku China, ndipo m'menemo zakale mulibe, muli zovala zopyapyala za dzana lomweli. Kutsidya kwa malire, ku Zambia, malondawa amawatcha salaula, ndipo Karen Tranberg Hansen anawalembera buku lathunthu m'chaka cha 2000. Ogulitsa a pa Kamwendo za bukulo alibe nazo ntchito. Chimene amakamba n'choti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo lakhala njuga: ukhoza kutsegula n'kupeza majekete okhaokha abwino, ukhozanso kupeza zigamba.

Pa boma, pamene kale pankatchedwa Fort Manning, sitinakhalitse. Matelala akhala m'makhonde a masitolo, mapazi ali pa chopondera cha Singer kapena Butterfly, wina akuchepetsa thalauza la kaunjika, wina akusoka mayunifolomu. Zitenje zapachikidwa mizeremizere, ndipo wogulitsa aliyense amakuuza kuti zake ndi za ku Chipata. Malire a Mwami ali pafupi, ndipo kuyambira 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamalo amodzi. Koma ambiri obweretsa zitenje ndi amayi a mitolo iwiri itatu pa kabaza, ndipo "chitenje cha ku Zambia" nthawi zambiri chinangodutsa ku Zambia kuchokera kutali.

Mlamu wanga anafunsa paliponse ngati pali amene akusunga nsalu yakale ya David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre imene inaveka dziko lino zaka zambiri isanagulitsidwe kwa Mapeto mu 2003. Onse anapukusa mitu. Ine sindinadabwe. Chitenje kwathu kuno sichipuma pantchito. Chikakhala chatsopano chimapita kutchalitchi ndi kuukwati, chikasuluka chimabereka mwana, kenako chimayanika ufa, chimasanduka nkhata, ndipo chimathera pa chokolopera kapena pa chingwe cha mbuzi. Bulauzi ya gogo wa ku Canada mukhoza kuipeza pa Kamwendo ili yonse, koma chitenje cha gogo wa kwa Mkanda cha zaka zomwezo simungachione pamsika. Amene akufuna zakale za kuno ayenera kuodira pakhomo la munthu.

Ife tinakaodira kwa azakhali ake a mlamu wanga, m'mudzi wina kufupi ndi mishoni ya Ludzi. Tinapereka moni, tinadya mbatata yootcha, tinamva za maliro onse a chaka chino, ndipo pamenepo m'pamene anatuma mdzukulu kukakoka thiranki pansi pa bedi. Ndi bokosi lachitsulo lobiriwira limene malemu amuna awo anabwera nalo kuchokera ku Joni pa Wenela, ndege yonyamula anthu a kumigodi isanagwe ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa kumigodi. Litatsegulidwa, m'nyumba monse munamveka fungo la fodya. Amaikamo masamba ouma kuti njenjete zisalowe.

Pamwamba panali za malemuwo: chipewa cha Wilson chophwanyika pang'ono ndi jekete la kolala yotakata. Pansi pake panali chitenje cha nkhope ya Kamuzu, chopindidwa bwino, chimene azakhali ankavala pokavina ngati mbumba. Anachigwira mwachidule. "Tinkakwezedwa pa lole usiku, ana tawasiya ndi anansi," anatero, n'kuchiika pambali osawonjezera kanthu. Munalinso mikanda ya m'chiuno m'kachitini ka mafuta odzola, ndipo mlamu wanga anaibisa msanga poona kuti ine ndili pomwepo.

Zimene tinadzera zinali pansi penipeni. Nsalu zapatebulo, zoyala pamipando, zovundikira jagi yamadzi, mapilo olembedwa "Takulandirani" ndi ulusi wofiira. Azakhali anaphunzira kupeta ali mtsikana kwa masisitere a Charity of Ottawa, amene mpaka lero ali pa Ludzi. Nsalu yogula inali yodula, choncho ankasula matumba a ufa wa tirigu, n'kuwaphika ndi sopo mpaka zilembo zitachoka. Pojambula bwalo ankavundikira mbale ya tiyi n'kuzunguliza pensulo. Ulusi ukasowa ankasula juzi lakale.

Kenaka anatulutsa mabuku awiri. Loyamba ndi buku lachingerezi la mapatani, lopanda chikuto, masamba ake ofewa ndi manja a anthu ambiri. Linkayenda nyumba ndi nyumba, ndipo aliyense ankakopera duwa lake ndi pepala la kaboni, mwakuti masamba ena anabowoka m'mizere ya maluwawo. Lachiwiri ndi kope wamba la kusukulu. Patsamba lililonse anasokererapo kachigamba kosonyeza msoko umodzi: wa unyolo, wa mtanda, wodzaza tsamba la duwa, wa pabowo la batani. M'munsi mwake muli malikisi a sisitere ndi inki yofiira. Pamsoko wa batani anapeza ochepa, ndipo mpaka pano sanakhululuke.

Nditayala nsaluzo motsatana ndi zaka zake, ndinaona chinthu chimene azakhali eni ake sachiwerengera. Zoyambirira zili ndi maluwa a m'buku, a kumayiko ozizira, amene iwo sanawaonepo ndi maso. Zapambuyo pake mukulowa tambala, nkhanga ndi mawanga ake, duwa la dzungu, mayi ali ndi mtsuko pamutu. Manja ndi omwewo, msoko ndi wa masisitere womwewo, koma pepala la kaboni analisiya. Kwa ine zapambuyozi ndiye zokongola, ngakhale miyendo ya nkhangayo ndi yaitali mosayenera. Azakhali amanyadira za m'buku, chifukwa akuti zimenezo ndiye zinali zolondola.

Mlamu wanga ali ndi ganizo lake pa madiresi a nthawi imeneyo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika pansi pa mawondo, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Iye amati poti utali wa diresi unali m'manja mwa boma, mtsikana wofuna kuoneka wosiyana ndi anzake ankalimbikira pa kolala, pa thumba ndi pa mpendero. Azakhali anaseka. Anati iwo ankapeta chifukwa mkazi wolowa m'banja wopanda nsalu yapatebulo ankasekedwa ndi azilamu ake, basi.

Kukambirana za chotenga kunatha nthawi. Chitenje cha Kamuzu anakana. Nsalu ina yoyera yopetedwa mitanda m'mbali sanalole n'kuitambasula komwe, akuti ndi ya tsiku lawo lomaliza ndipo amayi a m'mphakati akudziwa kale pamene ili. Kope lija anangolola kuti lijambulidwe pa foni, tsamba ndi tsamba, iwo atagwira m'mphepete. Anapereka jekete la malemu ndi nsalu ya nkhanga ija, poti kwa iwo inali yolakwika kale.

Mlamu wanga atatulutsa ndalama, azakhali anabweza dzanja lake.

"Iwe mwana, za m'thiranki sagulitsa. Ukapita ku Lilongwe ukandifunire magalasi, bowo la singano sindikulionanso. Ndi ulusi wa Anchor, wofiira ndi wobiriwira. Wa pagolosale panowu ukangochapa kamodzi wasuluka."