Kugulira Galimoto Ubongo Watsopano

Anthu ambiri akamva kuti mlakatuli ali ndi galimoto ya turbo amaseka, poti m'maganizo mwawo ife alembi tiyenera kukalamba ndi njinga yakapalasa. Komatu ine ndili nako ka Toyota Starlet Glanza V, kamene a ku Japan adapanga kuyambira 1996 mpaka 1999, injini yake 4E-FTE ya malita 1.3 okha. Kadatsika padoko la Dar es Salaam kali kokalamba kale, koma n'komwe kamandifikitsa kumene kwagwa nkhani. Kakangofa lero, ndiye kuti ine ndi cholembera changa tigona ndi njala.

Turbo yake yoyamba itatopa, imene idapezeka m'malo mwake inali yokulirapo. Ntchito ya turbo ndi kukankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo imazungulira ndi mphamvu ya utsi wopita ku ekizozi. Mpweya ukachuluka, petulo nayenso ayenera kuchuluka. Wogawa zonsezi ndi kabokosi kotchedwa ECU, kamene amakaniko amati kompyuta, ine ndimati ubongo. Ubongo wa ku fakitale udaphunzitsidwa kutumikira turbo yaing'ono, ndipo ukaona mpweya wapyola malire umadula mafuta, galimoto n'kudzidzimuka ngati yagunda chitsa. Uku sikulakwa kwake ayi, ndiye kuteteza injini kumene. Koma kwa ine zidatanthauza kuti pafunika ubongo wina.

Masamu ake ndi awa, awerengi anzanga. Petulo amapsa bwino pamene magawo 14.7 a mpweya akumana ndi gawo limodzi la mafuta, potengera kulemera kwake. Turbo ikayamba kukankha, akatswiri amatsitsa nambalayo kufika cha m'ma 11.5 kapena 12, kuti petulo wowonjezerayo aziziritse m'kati. Akachepa, kapena mapulagi akayatsa moto msanga, mafuta amaphulika okha nthawi isanakwane. Kaphokoso kake n'kochepa, ngati timiyala m'chitini, koma mathero ake ndi pisitoni yosweka. Ndiye taganizani mukukwera mapiri a Thabwa kuchokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, mpweya ukutentha ngati wa m'ng'anjo, phazi lili pansi. Ubongo wosadziwa kuyeza kutentha kwa mpweya wolowa ungakusiyeni pakona, bonati ili yasa.

Njira zinalipo zitatu. Yoyamba ndi kabokosi kobereka pamsana pa kakale, monga Unichip ya ku South Africa. Kameneka kamasintha uthenga wochokera ku masensa, ubongo wakale n'kumalamula potsatira zimene wauzidwazo. Ubwino wake ngwakuti galimoto imalirabe bwino m'mawa kukuzizira, monga adaikonzera eni ake. Koma akapitawo awiri pamunda umodzi, tsiku lina adzatsutsana basi.

Yachiwiri ndi kuchotseratu ubongo wakale n'kuika woima pawokha. Mayina otchuka ndi Haltech ndi MoTeC a ku Australia, komanso Link wa ku New Zealand. Awa amachita zambiri: amalamula mphamvu ya turbo, amasunga mbiri ya mmene injini yayendera, ndipo mitundu yambiri imamva kaphokoso kaja n'kuchedwetsa moto. Mtengo wake ndiwo umakomola munthu wolipidwa powerenga mizere imene walemba. Apafupi m'gulu lomweli ndi Dicktator ndi Spitronics, onse a ku South Africa, otsikirapo mtengo ngakhale luso lawo n'locheperako.

Yachitatu ndi MegaSquirt, imene Bruce Bowling ndi Al Grippo adayambitsa ku America kuti munthu azilumikiza yekha tizipangizo take patebulo. Kunena zoona imeneyi idandikopa, poti mlakatuli aliyense amakonda chopanga ndi manja ake. Koma manja angawa amadziwa cholembera, chowotcherera waya sakuchidziwa.

Amene adanditsina khutu ndi makaniko wanga, bambo wachikulire amene adagwirako ntchito m'magalaja a ku Johannesburg. Nditawaonetsa mndandanda wanga adangopukusa mutu.

"Achimwene, mabokosi onsewa amabwera ali mbuli. Wophunzitsa ndi munthu. Inu mwafunsa kuti labwino ndi liti, bwanji osafunsa kuti ine ndimalidziwa liti?"

"Nanga bambo, la mtengo wapatali silingadzitchune lokha?"

"Lingathandizeko apa ndi apo, koma moto woyenera petulo wa kuno ndani aliuze? Likadzakuvutani muli ku Ntcheu, muimbira yani, wa ku Sydney?"

Mawu amenewa ndiwo adagamula mlandu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: bokosi lokhala ndi luso zana limene palibe wolidziwa m'tauni yanu lili ngati buku la Chilatini m'manja mwa mwana wa sitandade wanu. Ndidasankha loima palokha la ku South Africa, chifukwa bambowa pulogalamu yake amaidziwa ngati njira ya kwawo, ndipo chikawonongeka chinthu chimabwera pabasi ya ku Joni. Ndalama zimene zidatsala sindidagulire zokongoletsa. Zidapita ku sensa ya wideband yoyeza utsi kuti tione ngati petulo akukwana, pampu ya mafuta yatsopano, ndi mawaya abwino, poti waya wowola amanamiza ngakhale ubongo wanzeru.

Tidatchuna modekha, masiku angapo, iwo laputopu pamwendo, ine pachiwongolero. Adandifunsa ngati ndikufuna mphamvu zonse zimene turbo ingapereke, ndidakana. Ndidawapempha asiye mpata wa tsiku lotentha ndi petulo wokayikitsa wa m'zigubu amene tonse timamugula mafuta akasowa. Anyamata a mipikisano akundiseka kuti ndamanga kambuku miyendo. Asekeni. Iwo injini ikaphulika amakagula ina. Ine ndili nayo imodzi yomweyi, ndipo Lachisanu mkonzi akudikira nkhani.