Funsani Aneba Musanalandire Kiyi

Umboni uwu ndikuupereka kwa inu amene mwalandira kalata ya ntchito kapena mwasamutsidwa, ndipo tsopano mtima uli m'mwamba kufunafuna pogona mu Lilongwe. Ndikuuperekanso kwa makolo amene akutumiza mwana ku likulu, n'kumaganiza kuti akangopeza denga ndi chitseko ndiye kuti zonse zatheka. Ine ndinafika mumzinda uno mu 2016 kuchokera ku Zomba. Zimene ndinataya pa nkhani ya nyumba, ndalama, katundu ndi mtendere wa m'banja, sindifuna kuti wina adzatayenso.

Ndinafikira kwa azakhali ku Kawale. Anandilandira ndi manja awiri, koma m'nyumbamo munali modzaza kale, moti ndinkayala mphasa pabalaza onse akalowa kogona. Palibe amene anandithamangitsa. Chimene chinkandikankha ndi manyazi anga: bambo wapabanja kudya nsima ya eni ake, mkazi ndi mwana atatsala ku Zomba akufunsa tsiku lodzawatenga. Azakhali ankati, "Mwana wa achimwene, dekhani, mzinda uno simunaudziwe." Ine ndinkangomva ngati akunena mwaulemu chabe. Changu choterocho anthu odyera alendo amachinunkhiza patali.

Woyamba kuchinunkhiza anali mnyamata wina wodzitcha ejenti. Anayamba ndi kundilipiritsa ndalama yoonera nyumba, kenaka ananditengera ku Area 49. Nyumbayo ndinaionera pawindo, chifukwa iye anati eni ake apita kumaliro ndi makiyi omwe. "Bwana, iyi siigona," anatero. "Pali ena akubwera ndi ndalama madzulo ano. Ikanipo kenakake ndikusungireni." Ndinamupatsa lendi ya mwezi wathunthu. M'mawa mwake foni yake inali yotseka. Nditabwerera pamalopo ndinapeza eni nyumba enieni, bambo achikulire, amene anandiuza kuti mnyamatayo sakumudziwa, ndipo sindine woyamba kubwera ndi nkhani yotere. Ndinalibe lisiti, dzina lake lenileni sindinkalidziwa, ngakhale kumene amakhala. Ndikanakadandaula za ndani?

Maejenti achilungamo alipo, ndipo amathandiza munthu wosadziwa malo. Koma ntchito ya ejenti ndi kukufikitsani kwa mwini nyumba. Lendi imaperekedwa kwa mwiniwakeyo, mutalowa m'chipinda chilichonse, kiyi ili poonekera. Ndipo wonena kuti "ndine mwini" mumutsimikize. Onani dzina limene lili pa bilu ya madzi. Funsani a nyumba yoyandikana nayo. Pitani kwa mfumu ya deralo, pakuti ngakhale m'tauni mafumu ndi atsogoleri a mabuloko alipo, ndipo amadziwa poloti iliyonse ndi mikangano yake. Nyumba zina ndi za masiye: lero mulipira mwana wamkulu wa malemu, mawa kubwera amalume ake kudzafuna ndalama yomweyo. Zina ndi za Malawi Housing Corporation, ndipo amene akukulowetsaniyo nayenso ndi wa lendi. Akakulowetsani mwamseri, dzina lanu m'mabuku a bungwelo mulibe, ndipo tsiku la mavuto mulibe poimira.

Ndalama zitachepa chomwecho, ndinayamba kuyang'ana mtengo wokha. Ndinapeza nyumba ku Mtandire, pafupi ndi Area 47, kumunsi cha kumtsinje wa Lingadzi. Inali nyengo ya dzuwa, fumbi lili koboo, mtsinje utaphwa. Makoma anali atangopakidwa penti, pansi pali simenti yosalala, lendi yake yotsika kuposa nyumba zofanana nayo zakumtunda. Alandilodi anafuna ya miyezi itatu, monga ambiri amachitira. Ndinalipira tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe ndinakatenga banja langa.

Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira. Amene munali mumzinda muno mukukumbukira tsikulo, pamene ndege ya asilikali inkapulumutsa anthu amene madzi anawazinga. Ine ndinali kuntchito. Mkazi wanga anathawa ndi mwana kumsana, atangotenga chikwama cha mapepala a sukulu ndi buku la kusikelo. Matiresi, thumba la chimanga limene amayi anatipatsa, mbaula, zovala, zonse zinamira m'matope. Tinapulumuka ndi moyo, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu, chifukwa si onse amene anapulumuka.

Tikuzula katundu m'matopemo, amayi ena achikulire a nyumba yakumtunda anabwera kudzatithandiza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, mukanangogogoda pakhomo panga tsiku limene munkadzaona nyumbayi. Amene anatuluka muno inu musanalowe anathawa madzi omwewa. Penti ija ankabisa mzere wa matope." Mawu amenewo anandipweteka kuposa katundu wotayikayo, chifukwa yankho linali pa mtunda wongoponya mwala, kwaulere. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula lakelo ndinadyetsa mkazi ndi mwana wanga.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuwerenga malo. Lilongwe amaoneka wathyathyathya, koma muli mitsinje ndi madambo: Lilongwe weniweniyo, Lingadzi, Mchesi, Nankhaka ndi timifuleni tambiri tongouka mvula ikagwa. Anthu amanga mpaka m'mphepete mwenimweni, ena akuumba njerwa ndi kukumba mchenga m'magombe, ngalande zatsekeka ndi zinyalala. Chaka chomwecho cha 2017 chisanathe, madzi anagwetsanso nyumba ku Kawale, Biwi ndi Chipasula. Ngati mukufuna nyumba m'chilimwe, musayang'ane khoma lopakidwa kumene. Yang'anani mipanda ya aneba imene sinapakidwe, muone pamene mzere wa matope unafika. Onani ngati njerwa zam'munsi zadyeka, ngati makonde anakwezedwa modabwitsa, ngati pali matumba a mchenga pageti. Kwezani maso kudenga: kudontha kumasiya mabala pa siling'i ndi dzimbiri pa malata. Ndipo funsani funso limodzi ili kwa anthu osiyanasiyana: amene anali muno anatulukiranji?

Titachoka ku Mtandire tinapeza malo ku Area 25, m'nyumba za mdadada, mabanja angapo pa poloti imodzi. Kumeneko madzi osefukira kunalibe, koma ndinaphunzira kuti lendi imene amakuuzani pakamwa si mtengo wonse wa nyumba. Mlendo asanamizidwe ndi manambala a madera a mumzinda uno. Sanaikidwe motsatana ndi mtunda, moti madera a manambala oyandikana akhoza kukhala kutali kwambiri. Minibasi zambiri zimathera ku depoti ya ku Old Town, ndipo wogwira ntchito ku City Centre kapena ku Capital Hill, ngati mmene ndinalili ine, kawirikawiri amakwera kawiri popita, kawiri pobwera. Mukachedwa mumawonjezera kabaza. Mafuta akasowa, mitengo imakwera tsiku lomwelo. Nditawerengera pakutha pa mwezi, ndinapeza kuti ndalama imene ndinkati ndapulumutsa pa lendi inkathera m'manja mwa makondakitala, kuonjezera apo kudzuka kusanache ndi kufika kunyumba mwana atagona. Musanalipire, yendani ulendo wa kuntchito kuchokera pa nyumbayo nthawi yam'mawa weniweni, tsiku la ntchito. Muonenso mtunda wa kusukulu, kumsika ndi kuchipatala, ndipo mudzifunse ngati galimoto ingafike pakhomopo usiku wa mvula munthu atadwala.

Mita ya magetsi inali imodzi ya tonse. Tinkasonkha mofanana kugula mayunitsi, koma wina ali ndi babu ndi wailesi, wina akuphika nyemba pa hotipuleti, wina ali ndi firiji ya mafilizesi ogulitsa. Mayunitsi akatha pakati pa mwezi, anthu opemphera mpingo umodzi ankasiya kupatsana moni. Mpopi unalinso umodzi, ndipo tsiku lina anabwera kudzaudula chifukwa cha ngongole imene inayamba ife tisanalowe. Alandilodi anati tigawane. Tinalipira madzi amene sitinamwe, chifukwa kukana kukanatanthauza kuti akazi athu azikaima pamzere ku kiyosiki ndi zigubu. Choncho tsegulani mpopi ndi dzanja lanu. Funsani amayi a pamenepo kuti madzi amatuluka nthawi yanji, pakuti m'madera ena amabwera pakati pa usiku. Pemphani kuona bilu yomaliza, ndipo lembani manambala a pa mita tsiku lolowa.

Chimbudzi musachite nacho manyazi. Lowanimo. Werengani mabanja amene amachigwiritsa ntchito, funsani amene amalipira chikadzaza, ndipo onani ngati pali chitsime pafupi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Nthawi imeneyo tinali titasamuka kale, koma ndinkaganizira ana a pa mdadada paja, kumene madzi akasowa anthu ankatunga pachitsime choyandikana ndi zimbudzi.

Potuluka pamenepo, ndalama ya chikole imene ndinapereka polowa sinabwerere. Anandiwerengera galasi limene ndinalipeza losweka kale ndi loko amene ndinagula ndekha. Panalibe pepala, panalibe mboni. Ambiri timaopa kupempha pangano lolemba poganiza kuti alandilodi aona ngati tikuwakayikira. Koma pepala limateteza onse awiri, ndipo mwini nyumba wachilungamo salikana. Nyumba imene tikukhalamo lero tinalowa titalemberana: lendi ndi tsiku lolipira, chikole ndi mmene chidzabwezedwere, notisi ya mbali zonse ziwiri, wokonza denga ndi mapaipi, ndiponso nthawi yodziwitsana lendi isanakwere. Tinasaina pamaso pa mboni, wina wa iwo, wina wa ine. Zoonongeka zonse ndinazijambula pa foni tsiku lolowa, alandilodi ali pomwepo. Ndimalipira kudzera kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mauthenga ake sindifufuta.

Phindu la pepalalo ndinaliona mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itachepetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Anzanga ena kuntchito anauzidwa pa foni kuti kuyambira mwezi womwewo lendi yakwera, osafuna atuluke. Bambo landilodi athu nawonso anakweza, ndipo ndinawamvetsa, chifukwa simenti ndi malata zinali zitakwera. Koma anabwera kudzakhala pansi, tinatsegula pangano lija, ndipo anatipatsa nthawi imene tinagwirizana. Tinakonzeka, sitinasamuke mothawa.

Chitetezo nachonso chimadziwika pofunsa. Nyumba muione masana, koma mubwerenso kukada. Masana simungadziwe kuti kuseri kuli bala imene imaimba nyimbo mpaka mbandakucha, kapena kuti kanjira kochokera pa siteji ndi koopsa dzuwa likalowa. Funsani ngati pali alonda a m'dera amene anthu amasonkhera, ndipo loko wa chitseko chakunja musinthe tsiku loyamba, chifukwa simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Inu amene mukubwera, pirirani pabalaza pa wachibale kwa kanthawi ndithu, muthandizeko ndiwo ndi makala, ndipo nthawiyo muigwiritse ntchito poyenda ndi pofunsa. Aliyense wokuuzani kuti mulipire lero lomwe apo ayi nyumba ipita, musiyeni ipite. Mukapita kukaona nyumba, tengani munthu wokhalitsa mumzinda muno, ndipo ngati muli pabanja pitani nonse, chifukwa amene adzatunge madzi ndi kuchapa amaona zimene wina sangaone.

Ndili ndi pempho kwa ifenso amene takhalitsa. Timaona mlendo akuzungulira nyumba imene tikudziwa kuti imalowa madzi, kapena ali ndi ejenti amene tikudziwa kuti ndi wakuba, ife n'kungoti si zathu, tingadane ndi eni ake. Kukhala chete koteroko kumagwetsa mabanja m'mavuto. Ine masiku ano ndikaona munthu akusuzumira m'mawindo a nyumba yopanda anthu m'dera lathu, ndimapita kukamupatsa moni, ndipo ndimamuuza zabwino ndi zoipa zomwe za malowo asanatulutse ndalama. Inunso chitani chimodzimodzi.