Mwana akati akufuna za khungu kapena makatuni, musayambe ndi kuseka

Inu makolo a ku Balaka, Ulongwe, Phalula, Utale, mpaka kuoloka Shire kukafika ku Liwonde ndi ku Ntaja, lero ndili nanu. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'nyumba zambiri mumabuka mkangano umodzimodzi. Mwana wakhoza, koma mapointi ake sangamulowetse ku yunivesite. Bambo akuti akaphunzire zamagalimoto kapena zomangamanga, mayi akuti kusoka. Mwana naye akuyankha chapansipansi kuti akufuna kuphunzira kusamalira khungu la anthu, kapena kupanga makatuni pa kompyuta. Basi nyumba yonse phwete! "Ndiye tigulitse mbuzi kuti uzikadzola anthu mafuta? Nanga zidolezo n'kudya?"

Ine ndikuti dekhani kaye. Ntchito ziwirizi ndi zenizeni, ndipo zimafuna sukulu. Chimene muyenera kuopa si ntchitoyo ayi, koma kulipira ndalama zanu za thonje ndi nandolo pamalo pamene mwana akatuluke ndi pepala, manja ali osadziwa kanthu.

Tiyambe ndi khungu, pakuti apa ndi pamene pali miyoyo ya anthu. Tayendani pamsika uliwonse tsiku la msika muone timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu tili mbwee, tina topanda ndi dzina lomwe, tosakanizidwa kuseri kwa nyumba. Ambiri mwa mafuta otere amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone, amene poyamba amayeretsadi, koma ukamudzola nthawi yaitali amabweretsa zigamba zakuda bii m'masaya zovuta kuchotsa. Chachiwiri ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, amene madokotala amapereka pa matenda a pakhungu kwa nthawi yochepa; ukawasandutsa mafuta odzola tsiku ndi tsiku khungu limapyapyala, mitsempha kumaonekera, ziphuphu kuchuluka, chilonda osapola msanga. Chachitatu ndi mercury, ndipo ameneyu samathera pakhungu. Amalowa m'thupi n'kukaononga impso ndi mitsempha, ndipo amafikira ngakhale mwana amene ali m'mimba.

Si nkhani ya kuno kokha. South Africa idaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, Cote d'Ivoire idaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo mu 2023 maiko amene ali m'pangano la Minamata adagwirizana zothetseratu zodzoladzola zonse zothiridwa mercury. Tsono ndikufunseni: mtsikana wa kwa Kankao amene akufuna kuoneka bwino pa chinkhoswe chake angazimve kwa ndani zimenezi? Kuchipatala sapita chifukwa sakudwala. Amapita ku saluni. Ngati mwini saluni adaphunzira, amuwerengera zolembedwa pa botolo n'kumuletsa. Ngati sadaphunzire, ndi iyeyo amene amugulitse.

Maphunzirowa m'sukulu za ntchito za manja amawatcha cosmetology, ndipo amaphatikiza tsitsi, zikhadabo, nkhope ndi khungu. Wophunzira bwino amadziwa kusiyanitsa khungu la mafuta ndi louma, amadziwa kuyesa mankhwala pakamalo kakang'ono asanapake nkhope yonse, amadziwa kuti lezala sagwiritsa anthu awiri ndipo makina ometera, zipeso ndi mathaulo ziyenera kutsukidwa ndi mankhwala, chifukwa chipere chimayenda pa zimenezi, ndipo matenda a chiwindi a hepatitis B amayenda pa chida chilichonse chimene chakhudza magazi. Koma luso lalikulu kuposa onse, mwa kuona kwanga, ndi kudziwa pothera ntchito yake. Kachilonda kosapola, kachotupa kosintha mtundu, zimenezo si za saluni. Ndi zouza kasitomala mwaulemu kuti, "Mayi, izi pitani nazo kuchipatala," kaya cha boma pa Balaka pompo kapena cha Machinga chimene chili ku Liwonde.

Pajatu kwathu kuno dzuwa silinyengerera, aliyense amene adaponda Balaka mu Okutobala akudziwa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo mdani wawo wamkulu wa tsiku ndi tsiku ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa. Mwana wanu ataphunzira bwino akhoza kukhala munthu wa pafupi amene amakumbutsa banja za mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, n'kuona msanga kachilonda kokayikitsa. Dokotala sangakhale, koma m'mudzi munthu wotere ndi wofunika.

Ndalama zilipo? Maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a omaliza sukulu satha, ndipo malo ogona alendo ku Liwonde ndi kunyanja ku Mangochi amafuna anthu aukhondo odziwa ntchito. Sindikunena kuti alemera chaka choyamba. Zipangizo zambiri ndi zochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake idakwera osabwereranso. Muwerengeretu kuti akamaliza sukulu adzafuna mpamba.

Za makatuni n'zovutirapo, ndipo sindikubisirani. Ambiri a ife tikamva katuni timaganiza za zoseweretsa ana pa TV. Koma taganizani: kuti chithunzi chioneke ngati chikuyenda, pamafunika zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Ojambula ambiri amajambula 12 n'kuonetsa chilichonse kawiri, komabe mphindi imodzi yokha ndi zojambula 720. Mwana waulesi sangaithe ntchito imeneyi. Ngati wanuyo amatha tsiku lonse akujambula m'makope mpaka kuiwala nsima, mwina ndi yake. Ngati amangokonda kuonera, chimenecho ndi china.

Anzathu ayamba kale. Mu 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka, yoyambitsidwa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Lusaka si kumwamba, abale, basi imafika. Ndipo mu 2025 filimu ya Flow, ya mphaka wothawa madzi osefukira, yopangidwa ndi Gints Zilbalodis wa ku Latvia, idapata mphoto ya Oscar. Latvia ndi dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, ndipo filimuyo adaipanga ndi pulogalamu ya Blender imene aliyense angaitenge pa intaneti kwaulere. Pulogalamu ndi yaulere, inde, koma kompyuta yoti iinyamule si yaulere, bandulo si yaulere, ndipo magetsi mukuwadziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tidakhala mumdima miyezi yambiri. Wofuna ntchito imeneyi aganizire za sola ndi batire ngati mmene kalipentala amaganizira za sowo.

Tsono adzagulitsa kwa ndani? Apa ndi pamene ndimaona kuti Balaka ili ndi mwayi. Tauni ino idatulutsa Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda, amene adatisiya mu 2024. Kuno kuli Montfort Media ndi Luntha TV. Oimba amafuna mavidiyo, mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amafuna mauthenga achidule m'Chichewa ndi m'Chiyao oti ayende pa WhatsApp, amalonda amafuna zotsatsa pa Facebook. Koma msika wa katuni yekhayekha udakali waung'ono. Ndiye ine ndimalangiza kuti mwana ayambe ndi maphunziro a kompyuta, aphunzirenso kukonza zithunzi, kulumikiza mavidiyo ndi kupanga mapositala. Makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro ndi amene azimudyetsa pamene katuniyo akuphikidwa.

Tibwere ku sukulu. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo limalembetsa sukulu zovomerezeka. Pali makoleji akuluakulu monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Mu 2015 boma la Peter Mutharika lidayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ku Balaka kuli ya Khwisa. Kulinso Andiamo, imene idachokera m'ntchito ya Bambo Mario Pacifici pakati pa achinyamata. Si koleji iliyonse imene imaphunzitsa chilichonse, choncho musangomva za m'maluwa. Pitani nokha mukaone mndandanda wa maphunziro a chaka chimenecho, ndipo ngati zimene mwana akufuna palibe, funsani kumene zili.

Chimene chimandiwawa ndi timasukulu tongobuka ngati bowa, chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, chikwangwani chachikulu kuposa kalasi. Ndidalowapo pena pamene ana khumi ndi awiri adaunjikana pa kompyuta ziwiri, ina yosayaka. Kwina atsikana amangokopera manotsi a za khungu pa bolodi miyezi itatu, osakhudzapo nkhope ya munthu. Safunsa adadya phula. Musanatulutse tambala, pemphani kuona chikalata chosonyeza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa, ndipo mukatsimikize ku TEVETA. Funsani kuti mayeso ake ndi a bungwe liti. Lowani m'chipinda chophunziriramo muwerenge zida, muwerengenso ana. Wa za khungu akuonetseni pamene amatsukira zida ndi pamene amataya malezala. Wa makatuni akuonetseni ntchito imene iye mwini adapanga, ngakhale ya masekondi 30, komanso ya ophunzira a chaka chatha. Mphunzitsi weniweni sakwiya ndi mafunso otere, amachita kukukokerani mpando.

Funsaninso ngati ana amatumizidwa kukaphunzira pantchito, ku saluni kapena ku situdiyo, chifukwa kumeneko ndi kumene amakumana ndi kasitomala wolusa ndi ntchito yofunika mawa m'mawa.

Ndipo iwe mwanawe, usaganize kuti ndakuikira kumbuyo pa zonse. Usanapemphe mbuzi ya bambo ako, onetsa kanthu. Wa khungu, kadzipereke pa saluni ya pafupi mwezi umodzi, uzisesa ndi kuchapa mathaulo, uone ngati fungo la mankhwala ndi kuimirira tsiku lonse ungazipirire. Wa makatuni, tenga kope lakale, jambula kamunthu pakona ya tsamba lililonse kakusuntha pang'onopang'ono, masamba 50, kenaka uwatembenuze mofulumira ndi chala pamaso pa makolo ako madzulo mukatha kudya.