Mlonda wa ku Oakland

Tsiku lina chaka chatha, aphunzitsi athu a masamu, mzungu wa ku Philadelphia amene adabwera kudzatithandiza kwa miyezi yochepa chabe, adalowa m'kalasi osapereka ndi moni womwe, nalemba pa bolodi manambala asanu: 8, 1, 1, 1, 0. Pamwamba pake adaikapo zaka, kuyambira 2006 kulekeza 2010. Adati manambalawa ndi a munthu mmodzi pa ntchito yake, ndipo kuti nambala ikakhala yaikulu anthu amamuwombera m'manja. Tsono funso lidali lakuti, munthu ameneyu timusunge kapena timuchotse?

Tonse tidati achoke. Ine ndiye ndidakweza mawu kuposa anzanga, mpaka kuonjezapo kuti mwina mkuluyo adayamba kachasu. Kalasi yonse idaseka. Aphunzitsiwo adadikira phwete lithe, kenaka adatiuza kuti munthuyo ndi Nnamdi Asomugha, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, wosewera kumbuyo mu timu ya Raiders imene masiku amenewo idali ku Oakland, ndi kuti mu 2008, 2009 ndi 2010, zaka zomwe ife tidamuchotsazo, ankasankhidwa kukhala mmodzi wa akatswiri a ligi yonse ya NFL.

Kwa anzanga amene simunauonepo mpira wa ku America, ndifotokoze pang'ono. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaunyamula m'manja. Mbali iliyonse ikhala ndi anthu 11. Amene ali ndi mpira apatsidwa mwayi kanayi kuti asunthe mayadi 10, ndiye kuti mamita 9 ndi pang'ono. Akalephera, mpira upita kwa anzawo. Pali mmodzi, quarterback, amene amaponya mpira kwa anyamata aliwiro othamangira kutsogolo kukauwakha. Wolondera anyamata amenewa m'mphepete mwa bwalo amatchedwa cornerback, ndipo iyi ndiyo idali ntchito ya Asomugha. Manambala a pa bolodi aja adali a mipira ya adani imene iye adaiwakha ili m'malere. Atawakha 8 mu 2006, oponya adaleka kuponyera mbali yake. Nanga munthu angawakhe bwanji mpira umene sunabwere?

Anzanga adatuluka akukamba za nyemba za ku kafiteriya. Ine mtima udali kwina, chifukwa bambo anga adali mlonda. Adalondera nyumba yosungiramo katundu m'tauni kwa zaka 9, usiku ndi usiku, ndi chibonga, tochi ndi chikhothi chimodzi chomwecho, ndipo pa zaka zonsezo sipadasowe ngakhale msomali. Ndili Fomu 3, mwini malowo adawaitana nawauza kuti dera lija mulibe akuba, choncho sakuona chifukwa cholipira munthu wongokhala pa mpando. Fizi ya chaka chimenecho adalipira ndi amalume. Ndidamutukwana mumtima bwana uja zaka zambiri, koma tsiku limenelo m'kalasi ine ndemwe ndidagamula mlandu monga adagamulira iye, ndi nthabwala pamwamba.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kufunafuna mafilimu a masewero akale pa intaneti ya ku laibulale, usiku pamene anthu achepa. Poyamba ndinkangoona chipwirikiti cha anthu ovala zisoti akugundana ngati nkhosa. Vuto lina ndi lakuti kamera imatsata mpira, pamene munthu amene ndinkamufuna ine ndi uja mpira sumupitira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masabata ndidayamba kuzindikira kuti kulondera kuli pawiri.

Njira yoyamba ndi ya munthu ndi munthu: akupatsa mdani wako, ndipo kulikonse kumene apite iwe uli naye. Ku Oakland iyi idali ngati chipembedzo, pakuti mwini timu, Al Davis, adaikonda kuyambira kale, masiku a Willie Brown, kenaka Lester Hayes ndi Mike Haynes. Asomugha, wamtali ndi wa mikono itali, ankaima maso ndi maso ndi mdani wake pa mzere woyambira. Lamulo la 1978 lilola wolondera kukankha mdani pa mayadi 5 oyamba okha, ndipo iye ankamalizira ntchito yake m'mayadi amenewo. Amugwira pachifuwa, amupotoza njira, amukankhira ku mzere wa kumbali; pamene woponya akweza maso, nthawi yatha, ayang'ana kwina. Maso a Asomugha sadali pa mpira ayi, adali pa chiuno cha mdani wake, chifukwa mutu ndi mapewa zinganame koma chiuno sichinama kumene munthu akulowera.

Njira yachiwiri ndi yogawana bwalo monga tigawirana ndime kumunda. Aliyense asunga chigawo chake, maso ali pa woponya, ndipo mdani akatuluka m'chigawo chako umusiyira mnzako. Eni ake amaziwerenga ndi manambala: Cover 2 ndiye kuti anthu awiri aima kutali kumbuyo nagawana bwalo pakati, Cover 3, atatu. Apa mphamvu ya mikono sithandiza kwenikweni. Chofunika ndi kumvana, kudziwa nthawi yomusiya munthu, ndi kukhulupirira kuti mnzako ali pamene ayenera kukhala. Mmodzi akaganiza kuti tikulondera munthu pamene mnzake akuganiza kuti tikulondera malo, mdani amapezeka ali yekhayekha, ndipo owonera amatukwana amene waima pafupi, kaya kulakwa n'kwake kaya si kwake.

Nditamva kuti ndakhwima, ndidakagogoda ku ofesi ya aphunzitsi aja kuti ndikawathokoze. Ndidapeza kuti iwo amadana naye munthuyo. Mu 2011 timu ya kwawo, Philadelphia Eagles, idamulemba kwa zaka 5 pa madola 60 miliyoni, ndipo idasonkhanitsa akatswiri ambiri kotero kuti wosewera wina, Vince Young, adaitcha timu ya kumaloto. Chaka chimenecho adapambana masewero 8 nagonja 8. Chaka chotsatira adapambana 4 okha pa 16, ndipo mu Malichi 2013 Asomugha adamutsanzika.

"Adatidyera ndalama," adatero aphunzitsi.

"Pepani aphunzitsi," ndidayankha, "koma mudagula khasu n'kukadulira mitengo."

Ndidawakumbutsa kuti woyang'anira otchinga ku Eagles chaka chimenecho, Juan Castillo, adali atakhala zaka zambiri akuphunzitsa mbali ina ya timu, ya otsekereza kuti woponya asagwidwe. Iyeyu adamuchotsa Asomugha pa mzere wake wa kumbali namayendetsa uku ndi uku, lero pakati, mawa kumbuyo, nthawi zambiri akulondera malo m'malo mwa munthu. Mu timu yomweyo mudali Asante Samuel, wa khalidwe losiyana kotheratu: iye ankaima patali, kumunyengerera woponya kuti aponye, kenaka n'kudumphira mpira. Mu 2006, ali ku New England, adawakha 10. Njira yokomera Samuel siikadamukomera Asomugha. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mu 2011, chaka chimene a ku Philadelphia ankamukuwiza, Asomugha adawakha mipira 3, kuposa chaka chilichonse cha zitatu zija za ulemerero wake. Nambala idakwera chifukwa adani adasiya kumuopa.

Aphunzitsi adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adandibaya ndi mkondo wanga womwe. Adati pa zaka 8 zimene Asomugha adakhala ku Oakland, kuyambira 2003, timuyo sidamalizepo chaka itapambana masewero ochuluka kuposa amene idagonja; mu 2006 idapambana 2 okha. Tsono ngati mpanda uli ndi mipata ponseponse, ndani angavutike ndi kukwera pamene pali minga? Mwina adani ankamulambalala chifukwa choti kwina kudali kofewa, osati chifukwa iye adali khoma. Adaonjeza kuti pofika ku Philadelphia adali atakwanitsa zaka 30, msinkhu umene liwiro la cornerback liyamba kutha, ndi kuti mu 2012, Castillo atachotsedwa pakati pa chaka, zinthu sizidasinthe. Ku San Francisco nako sadamalize chaka cha 2013.

Ndidasowa poyankha. Ndikhulupirirabe kuti ku Oakland adali katswiri weniweni, pakuti ndidaona ndi maso anga anyamata otchuka akulephera kuchoka pa mzere. Koma mawu a mpanda aja adandilowa ngati munga, popeza ndidadziwa kumene akuloza ngakhale aphunzitsiwo sankadziwa. Bwanji ngati bwana uja adanena zoona, kuti dera lija mudalibe akuba?

Pa tchuthi ndidapita kumudzi ndi funso limeneli, koma kulifunsa mwachindunji kukadakhala chipongwe. Choncho madzulo ena, titakhala pakhonde, ndidawaonetsa bambo kafilimu pa foni, ndi kuwafotokozera zonse, za munthu ndi munthu, za ndime, za madola. Adaonera kawiri osanena kanthu. Kachitatu adaloza ndi chala, osati Asomugha, koma woponya mpira.

"Uyu wamuyang'ana kaye asanayambe," adatero. "Bwezera uone."

Ndidabwezera. Zoonadi, mpira usanayambe, woponyayo adatembenuzira mutu mbali ya Asomugha kamphindi, kenaka adayang'ana kwina ndipo sadabwererenso. Ine ndidali nditaonera kafilimu kameneka mwina kakhumi osaona zimenezo.

"Amatero," adapitiriza bambo. "Amabwera dzuwa likulowa, wina ngati wogulitsa nthochi, wina ngati wofunsa njira. Ayang'ana loko, ayang'ana iwe. Ena ndinkawapatsa moni ndi maina awo."

Ndidafunsa ngati adamuuzapo bwana uja zimenezi. Adati sadafunsidwe. Kenaka adandibwezera foni, nafunsa ngati mnyamata wa ku Nigeriayo madola ake adamupatsa onse pomuchotsa.