Njira ya kwa Akufa

Agogo aamuna adamwalira asanabatizidwe, ndipo pamaliro pawo sipadamveke nyimbo ya mpingo. Usiku, tikuwotha moto pasiwa, amalume anga awiri adatsutsana. Aakulu, potsamira 1 Petro 3:19, adati Yesu atafa adatsikira kwa akufa kukalalikira mizimu. Aang'ono adakana. Adati pa Luka 23:43 wachifwamba uja adalonjezedwa Paradizo tsiku lomwelo, ndipo John Calvin adatanthauzira kutsikako ngati mazunzo a pamtanda.

Agogo aakazi adamva zonsezi ali m'nyumba. Kutacha adandinong'oneza: "Mdzukulu wanga, ngati Ambuye adafikako, ndiye kuti njira akuidziwa?"

Ndidasowa choyankha. Mpaka lero, tikamanena Chikhulupiriro cha Atumwi m'tchalitchi, ndikafika pa mawu amenewo ndimatsalira m'mbuyo, anzanga n'kupitirira.