Kalata kwa mphwanga: Agogo aakazi ndi zaka za uchona kwa Dambe

Mphwanga wokondedwa,

Mavuto amene agogo aakazi anakumana nawo kwa Dambe, m'boma la Mchinji lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, gwero lake ndi msonkho umene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, msonkho wofuna ndalama kwa anthu amene chuma chawo chinali chimanga cha m'nkhokwe ndi ziweto. Kwa mibadwo ingapo amuna ankasaka ndalamazo kunja: ena ankalembetsa ku Wenela, bungwe lotengera anthu kumigodi ya golide ya ku Joni, ena ku Mthandizi, lowatumiza ku Southern Rhodesia, ndipo ena ankangowoloka malire wapansi kudzera ku Fort Jameson, Chipata ya lero. Amene ankakhalitsa osatumiza ngakhale kalata ankatchedwa matchona, ndipo agogo aamuna anawerengedwa m'gululi kwa zaka zambiri.

Chimene chinateteza agogo aakazi ndi chikamwini, mwambo wa Achewa woti mwamuna akakhale kwawo kwa mkazi, chifukwa munda unali wa mbumba, kutanthauza akazi obadwa kwa kholo limodzi pamodzi ndi ana awo, motero panalibe wowathamangitsa. Komabe mwambowo sunkagwira khasu. Ntchito zachimuna, monga kuswa mphanje, kuluka nkhokwe ndi kufolera nyumba, zinawagwera pamwamba pa kupalira, kusinja ndi kutunga madzi, ndipo pofika February, nkhokwe itagona, ankapita kukabandira m'minda ya eni ake mwana ali kumsana, malipiro ake kalichero ka gaga, pamene udzu unkamera m'munda mwawo. Kumeneku ndiko kuipa kwa ganyu: amadyetsa lero pochepetsa zokolola za chaka chamawa.

Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Obwerera anapeza maesiteti a fodya wa bale akuchuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu, koma lamulo silinkalola alimi wamba kulima fodyayo mpaka cha m'ma 1990. Agogo aamuna atabwerera analowa utenanti, ndiko kulima fodya pamalo a mwini esiteti n'kumalandira chimanga pangongole yodzadulidwa pogulitsa, ndipo zaka zina ankabwerako chimanjamanja. Agogo aakazi anakana kuwatsatira, ngakhale ena anawanena kuti ndi ouma mutu, ndipo munda umene anaukakamirawo ndi womwe amayi ndi abale awo akulima mpaka pano.

Mkulu wako.